Anthu a m'mapanga: adali ndani, nanga ndi makolo a yani?

Mawu akuti "anthu a m'mapanga" amanena za anthu amakedzana amene mafupa awo, zida zawo zamiyala ndi phulusa la moto wawo zakhala zikupezeka m'mapanga a ku Ulaya, Asia ndi Africa. Odziwika kwambiri mwa iwo ndi anthu otchedwa Neanderthal, omwe adakhala ku Ulaya ndi kuzambwe kwa Asia kuchokera zaka pafupifupi 400,000 zapitazo kufikira pomwe adatha, zaka pafupifupi 40,000 zapitazo.

Nkhani yawo si ya mafupa okha. Kwa zaka zoposa 150 yakhala ikukokeredwa m'mikangano ya khungu ndi tsankho. Kale, akatswiri ena a ku Ulaya ankayerekeza zigaza za anthuwa ndi za anthu a m'maiko olamulidwa ndi atsamunda pofuna kuonetsa kuti mitundu ina ndi yotsalira. Chitulukireni umboni woti azungu ali ndi kachigawo ka chibadwa cha Neanderthal, nkhani idatembenuka: ena akuti kachigawoko ndi kamene kamapatsa azungu nzeru, pomwe ena akuti ndi chizindikiro choti azungu si anthu enieni. Umboni wa mafupa ndi wa DNA sukuvomereza ganizo lililonse mwa atatuwa.

Chifukwa chiyani mapanga?

Dzina lakuti anthu a m'mapanga limasocheretsa pang'ono. Anthu amakedzana adali alenje ndi otola zakudya zam'tchire, ndipo ankasamukasamuka potsata nyama, madzi ndi nyengo. Nthawi zambiri ankamanga misasa pamtetete, m'mbali mwa mitsinje ndi nyanja. Akapeza phanga ankakhala pakhomo pake kapena pansi pa thanthwe lotchinga mvula, osati m'kati mwenimweni momwe muli mdima ndi chinyezi.

Mapanga adatchuka chifukwa amasunga zinthu. Fupa losiyidwa pamtunda limaphwanyidwa ndi afisi, limang'aluka ndi dzuwa, kenako limafumbutuka m'dothi. M'phanga, makamaka la miyala ya laimu, mvula siifika ndipo kutentha sikusinthasintha, choncho mafupa, makala ndi zida zimakwiririka pang'onopang'ono, zakale kwambiri pansi, zatsopano pamwamba.

Zaka za zinthuzi zimadziwika poyeza. Makala ndi mafupa osapitirira zaka 50,000 amayezedwa poona kuchuluka kwa mtundu wina wa kaboni womwe umanka nuchepa pa liwiro lodziwika chamoyo chikafa. Zakale kuposa pamenepo zili ndi njira zake, monga kuyeza nthawi yomwe yapita chikwiririkireni mchenga kapena chipsereni mwala ndi moto.

Mafupa a m'chigwa cha Neander

Mu August 1856, anthu okumba miyala ya laimu m'chigwa cha Neander, pafupi ndi mzinda wa Düsseldorf ku Germany, adafukula gawo lapamwamba la chigaza ndi mafupa ena m'phanga la Feldhofer. Poyamba ankayesa kuti ndi a chimbalangondo. Mphunzitsi wina wa m'deralo, Johann Carl Fuhlrott, ndiye adazindikira kuti ndi mafupa a munthu, koma munthu wosiyana ndi wa lero. Chigazacho chidali chophwatalala, chachitali chakumbuyo, ndipo pamwamba pa maso padali fupa lochindikala lotulukira kunja.

Akatswiri sadagwirizane. Dokotala wotchuka wa ku Germany, Rudolf Virchow, adati adali munthu wamba wodwala matenda opinda mafupa. Wina, August Mayer, adati adali msilikali wa ku Russia wokwera pakavalo amene adafera m'phangamo panthawi ya nkhondo za Napoleon. M'chaka cha 1864, William King wa pasukulu yaukachenjede ya ku Galway m'dziko la Ireland adapereka dzina lakuti Homo neanderthalensis, kutanthauza munthu wa m'chigwa cha Neander. Mafupa ofanana nawo atapezekanso ku Spy m'dziko la Belgium mu 1886 ndi ku Krapina m'dziko la Croatia mu 1899, zoti adali munthu mmodzi wodwala zidatha mphamvu.

Chithunzi cha munthu wa m'phanga wowerama, wamaondo opindika ndi wooneka wopusa chidachokera ku France. Mu 1908 kudapezeka mafupa a nkhalamba ya Neanderthal ku La Chapelle-aux-Saints, ndipo katswiri Marcellin Boule, powafotokoza pakati pa 1911 ndi 1913, adati mwini wake ankayenda chowerama ngati nyani. Mu 1957 akatswiri awiri, William Straus ndi Alexander Cave, adaunikanso mafupawo ndipo adapeza kuti nkhalambayo idali ndi nyamakazi yaikulu ya msana, ndi kuti a Neanderthal ankayenda chilili monga anthu a lero. Koma chithunzi cha Boule chidali chitakhazikika kale m'mabuku ndi m'mafilimu.

Maonekedwe ndi moyo wawo

A Neanderthal adali aafupi koma ojintcha. Amuna ankatalika pafupifupi masentimita 165, akazi masentimita 155. Adali ndi chifuwa chachikulu, mphuno yaikulu, miyendo yaifupi, ndipo adalibe chibwano chotuluka ngati cha anthu a lero. Thupi lotere limasunga kutentha, ndipo lidawathandiza m'nyengo za chisanu choopsa zomwe zinkagwa ku Ulaya. Ubongo wawo udali waukulu ngati wa munthu wa lero, mwa ena udali woposerapo.

Ankasema miyala kukhala mipeni ndi nsonga za mikondo, ankasonkha moto, ndipo ankapanga ulimbo kuchokera ku makungwa a mitengo wolumikizira nsonga ya mwala ku mtengo. Ankasaka nyama zikuluzikulu monga akavalo am'tchire, njati ndi mphalapala za kumaiko ozizira, komanso ankadya zomera, ndipo okhala m'mbali mwa nyanja ankadya nkhono.

Umboni wina ukuonetsa kuti ankasamalirana. M'phanga la Shanidar kumpoto kwa Iraq, Ralph Solecki wa ku America adafukula mu 1957 mafupa a mwamuna yemwe mkono wake wamanja udali wopuwala ndi woduka, ndipo nkhope yake idaphwanyika mbali ya diso lamanzere. Mabala onsewa adapola, ndipo mwamunayo adakhala ndi moyo zaka zambiri pambuyo pake. Munthu wotere sakadatha kusaka yekha. Padali omwe ankamudyetsa.

M'phanga la Bruniquel ku France, mamita oposa 300 kuchokera pakhomo, mudapezeka zidutswa pafupifupi 400 za miyala yosongoka yomwe imamera pansi m'mapanga chifukwa cha madzi odontha. Zidutswazi zidathyoledwa ndi kuyalidwa mozungulira, ndipo zina zili ndi zipsera za moto. Zotsatira zomwe zidalengezedwa mu 2016 zidati ntchitoyi idachitika zaka pafupifupi 176,000 zapitazo, nthawi yomwe ku Ulaya kudali a Neanderthal okha. Kufika kumeneko kunkafuna muuni ndi mgwirizano wa anthu angapo.

Kutha kwawo kudadza ndi zifukwa zingapo. Adali ochepa, okhala m'timagulu totalikirana, ndipo DNA ya mkazi wina wa ku mapiri a Altai ku Siberia ikuonetsa kuti makolo ake adali pachibale chapafupi. Nyengo inkasintha mwadzidzidzi, ndipo anthu a gulu lathu, otchedwa Homo sapiens, adafika m'madera awo ali ochuluka. Koma a Neanderthal sadathe psiti.

Zimene DNA idaulula

DNA ndi tinthu tosaoneka ndi maso topezeka m'maselo a thupi, tomwe timasunga malangizo a chibadwa. Mwana amalandira theka kwa mayi ake, theka kwa bambo ake. Malangizowa adalembedwa ngati zilembo zoposa 3 biliyoni, ndipo poyerekeza zilembo za anthu awiri asayansi amadziwa kuyandikana kwa chibale chawo. Akuluakulu adati chibale ndi fupa, sichiola. M'mafupa ena osungika bwino, makamaka a kumaiko ozizira, tizidutswa ta DNA timakhalamo zaka zikwizikwi.

Amene adatsegula njirayi ndi Svante Pääbo wa ku Sweden. Mu 1997 gulu lake lidatulutsa kachidutswa koyamba ka DNA m'fupa lomwe lija la ku Feldhofer. Mu 2010, ali ku Max Planck Institute mumzinda wa Leipzig, gululo lidalengeza gawo lalikulu la DNA ya Neanderthal kuchokera m'mafupa atatu a m'phanga la Vindija ku Croatia. Lidaiyerekeza ndi ya anthu asanu amoyo: wa ku France, wa ku China, wa ku Papua New Guinea, Myoruba wa kuzambwe kwa Africa ndi wa mtundu wa San wa kummwera kwa Africa. Atatu a kunja kwa Africa adapezeka kuti akufanana ndi a Neanderthal kuposa awiri a mu Africa.

Tanthauzo lake lidali lakuti anthu a gulu lathu atatuluka mu Africa adakumana ndi a Neanderthal ndi kubereka nawo ana, zaka pafupifupi 50,000 zapitazo. Lero munthu yemwe makolo ake ndi a kunja kwa Africa ali ndi pafupifupi 2 peresenti ya DNA yochokera kwa a Neanderthal. Mwamuna wina yemwe nsagwada yake idapezeka m'phanga la Oase ku Romania, wa zaka pafupifupi 40,000 zapitazo, adali ndi 6 mpaka 9 peresenti, kusonyeza kuti kholo lake la Neanderthal lidali m'mibadwo inayi mpaka isanu ndi umodzi yokha m'mbuyo mwake. Pääbo adalandira mphoto ya Nobel ya zachipatala mu 2022 kaamba ka ntchitoyi.

Poyamba zinkamveka ngati Aafrica alibiretu DNA ya Neanderthal. Mu 2020 gulu la Joshua Akey wa pasukulu yaukachenjede ya Princeton ku America lidapeza kuti Aafrica omwe lidawayeza ali nayo pafupifupi 0.3 peresenti. Yambiri idabwera ndi anthu amene makolo awo adatuluka mu Africa, kenako zidzukulu zawo n'kubwereranso.

Achibale ena a ku Asia

Mu 2008, m'phanga la Denisova ku mapiri a Altai mudapezeka kafupa ka chala cha mtsikana. DNA yake, yomwe idalengezedwa mu 2010, sidali ya Neanderthal kapena ya munthu wa lero. Idali ya gulu lina lomwe palibe ankalidziwa, ndipo lidatchedwa Denisovan potengera phangalo. A Denisovan adali abale apafupi a a Neanderthal, ndipo magulu awiriwa adapatukana ndi makolo a anthu a lero zaka zoposa 500,000 zapitazo.

Nawonso adabereka ana ndi anthu a gulu lathu. Anthu a ku Papua New Guinea ndi eni nthaka a ku Australia ali ndi 3 mpaka 5 peresenti ya DNA ya Denisovan, kuwonjezera pa ya Neanderthal. Anthu a ku Tibet adalandira kwa a Denisovan kachidutswa komwe kamathandiza magazi awo kupirira m'mapiri ataliatali momwe mpweya ndi wochepa. Mu 2018 kudalengezedwa za fupa la mtsikana wa m'phanga lomwelo la Denisova, wa zaka pafupifupi 90,000 zapitazo, yemwe mayi ake adali Neanderthal ndipo bambo ake adali Denisovan. Zikuoneka kuti magulu a anthu amakedzana akakumana, kukwatirana sikudali kwachilendo.

Gwero ndi Africa

Mu 1871 Charles Darwin adalemba kuti makolo oyambirira a munthu ayenera kuti adakhala mu Africa, koma akatswiri ambiri a ku Ulaya ankafuna gwerolo likhale ku Ulaya kapena ku Asia. Mu 1912 ku Piltdown m'dziko la England kudalengezedwa chigaza chomwe ankati ndi cha kholo la munthu, ndipo ambiri adachikhulupirira. N'chifukwa china chomwe Raymond Dart sadamvedwe pomwe adalengeza mu 1925 za chigaza cha mwana chopezeka ku Taung m'dziko la South Africa. Mu 1953 zidaululika kuti chigaza cha ku Piltdown chidali chachinyengo: mutu wa munthu wolumikizidwa ndi nsagwada ya nyani wa mtundu wa orangutan. Cha ku Taung ndicho chidali chenicheni, cha zaka zoposa 2 miliyoni.

Mafupa akale kwambiri a Homo sapiens apezeka mu Africa. A ku Jebel Irhoud m'dziko la Morocco ali ndi zaka pafupifupi 300,000, a ku Omo Kibish m'dziko la Ethiopia zaka pafupifupi 230,000. Anthuwanso ankagwiritsa ntchito mapanga. Ku Border Cave, m'malire a South Africa ndi Eswatini, kudapezeka zogonera zaudzu zoyalidwa paphulusa zaka 200,000 zapitazo. M'phanga la Blombos, m'mbali mwa nyanja kummwera kwa South Africa, mudapezeka mikanda ya zigoba za nkhono ndi miyala yofiira yolembedwa mizere, zonse za zaka pafupifupi 75,000, zakale kwambiri kuposa zojambula zotchuka za m'mapanga a ku France ndi Spain.

DNA ya anthu amoyo ikunena zomwezo. Mu 1987 Rebecca Cann, Mark Stoneking ndi Allan Wilson adayeza mtundu wa DNA womwe munthu amalandira kwa mayi okha, ndipo mizere yonse ya anthu a padziko idakakumana mu Africa. Gulu lomwe lidabala anthu a kunja kwa Africa lidatuluka zaka pafupifupi 60,000 zapitazo, n'kufalikira ku Asia, Australia, Ulaya, ndipo pomaliza ku America. Ngakhale a Neanderthal eni ake adachokera kwa anthu ena akale amene adatuluka mu Africa m'mbuyomo.

Kabwe, Karonga ndi Hora

Dera lino lili ndi gawo lake m'mbiriyi. Mu June 1921, anthu okumba mgodi wa mtovu ndi zinki ku Broken Hill, komwe lero ndi Kabwe m'dziko la Zambia, adapeza chigaza chamunthu m'phanga. Chili ndi fupa lochindikala pamwamba pa maso, koma si cha Neanderthal. Ndi cha gulu lina lakale la mu Africa. Kuyeza kwa mu 2020 kudati chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Chigazachi chimasungidwa ku Natural History Museum mumzinda wa London, ndipo boma la Zambia lakhala likupempha kuti chibwezedwe. Ku Uraha m'boma la Karonga kudapezeka mu 1991 nsagwada ya Homo rudolfensis, ya zaka pafupifupi 2.4 miliyoni, imodzi mwa zotsalira zakale kwambiri za banja la Homo.

Pansi pa matanthwe a phiri la Hora ku Mzimba, ku Fingira pa Nyika ndi ku Chencherere m'boma la Dedza kudafukulidwa mafupa a alenje ndi otola zakudya, omwe adali Homo sapiens ngati anthu a lero. Mu 2017 gulu lotsogozedwa ndi Pontus Skoglund ndi David Reich lidalengeza DNA ya ena mwa iwo, a zaka zapakati pa 8,100 ndi 2,500 zapitazo. Gawo lalikulu la chibadwa chawo lidali lofanana ndi la anthu a San a kummwera kwa Africa, lotsalalo lofanana ndi la alenje a kuvuma kwa Africa. Mwa Amalawi amoyo amene adayezedwa, chibadwa cha alenjewa sichidaoneke kwenikweni. Chawo chidali cha alimi olankhula zinenero za Chibantu, omwe ulendo wawo udayambira cha kumalire a Nigeria ndi Cameroon n'kufika kuno zaka pafupifupi 2,000 zapitazo.

Mbiri yapakamwa imakamba za Akafula kapena Abatwa, anthu omwe alimiwo adawapeza m'dziko muno, ndipo zojambula zofiira za m'matanthwe a Chongoni zimatchulidwa kuti ndi zawo. Malo 127 a zojambula a ku Chongoni adalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006.

Phunziro lake ndi lakuti kukhala pamalo pomwe padakhala anthu akale sikutanthauza kuti munthu ndi mdzukulu wawo. Ku Ulaya n'chimodzimodzi. Azungu a lero ndi osakanikirana a magulu atatu: alenje akale a komweko, alimi ochokera kudera lomwe lero ndi Turkey zaka zoposa 8,000 zapitazo, ndi abusa a ziweto ochokera kuzidikha za kumpoto kwa Black Sea zaka pafupifupi 5,000 zapitazo.

Chiyambi cha kugawa anthu potengera khungu

M'Chichewa mawu akuti mtundu amasenza katundu wambiri. Amanena za Achewa, Ayao kapena Atumbuka; amanenanso za azungu, amwenye ndi anthu akuda; komanso amasiyanitsa munthu ndi nyani. Zinthu zitatuzi n'zosiyana. Choyamba ndi nkhani ya chinenero, mwambo ndi mbiri: Angoni a Zwangendaba, omwe adawoloka Zambezi mu 1835, adatenga anthu a mafuko ambiri m'njira, ndipo onsewo adakhala Angoni. Chachitatu ndi nkhani ya sayansi ya zamoyo, ndipo kumbali imeneyi anthu onse amoyo lero ndi mtundu umodzi, Homo sapiens. Mkangano uli pa chachiwiri.

Kugawa anthu m'magulu a khungu kudakhazikika m'zaka za m'ma 1700, nthawi ya malonda a akapolo. Mu 1735 Carl Linnaeus wa ku Sweden adagawa anthu panayi potengera makontinenti ndi khungu. Johann Blumenbach wa ku Germany adawagawa pasanu poyeza zigaza. Mafupa a Neanderthal atapezeka adalowa m'maganizo omwewa: mu 1863 Thomas Huxley wa ku England adayerekeza chigaza cha ku Neander ndi zigaza za eni nthaka a ku Australia. Mu 1962 Carleton Coon wa ku America adalemba kuti mitundu isanu ya anthu idasanduka Homo sapiens payokhapayokha, azungu poyamba, Aafrica pambuyo, ndipo olimbikitsa tsankho ku America adagwiritsa ntchito buku lake. Mafupa a ku Morocco ndi Ethiopia komanso DNA zidagwetsa ganizolo.

Anthu awiri alionse padziko amafanana pa zilembo pafupifupi 99.9 peresenti za DNA. Mu 1972 Richard Lewontin adawerengera kuti pa kusiyana kochepa komwe kulipo, pafupifupi 85 peresenti kumapezeka pakati pa anthu a fuko limodzi, ndipo kochepa kokha ndiko kumasiyanitsa magulu akuluakulu a khungu. Kusiyana kwambiri kuli mu Africa momwemo. Omwe adatuluka adali kagulu kochepa, monga mbewu zodzaza dzanja limodzi zotapidwa m'dengu la mbewu zosakaniza, ndipo mitundu yambiri ya mbewuzo idatsala m'dengu. Kafukufuku wa mu 2010, yemwe adayeza DNA ya Arkibishopu Desmond Tutu ndi ya akuluakulu anayi a San a ku Namibia, adapeza kuti awiri mwa a San aja amasiyana kwambiri kuposa momwe mzungu amasiyanirana ndi munthu wa ku Asia.

Sikuti kusiyana kwa chibadwa kulibe. DNA imatha kusonyeza dera lomwe makolo a munthu adachokera, ndipo matenda ena amachuluka m'madera ena. Koma kusiyanaku kumasintha pang'onopang'ono kuchoka dera lina kupita lina, popanda malire odula anthu m'magulu anayi kapena asanu.

Khungu ndi dzuwa

Mtundu wa khungu umadalira kuchuluka kwa melanini, chinthu chomwe chimateteza thupi ku mphamvu yowononga ya dzuwa. Kumadera a dzuwa lambiri khungu lakuda limateteza thupi ndi mavitamini ofunika pa uchembere. Kumadera a dzuwa lochepa khungu loyera limalola thupi kupanga vitamini D wokwanira, wofunika pa mafupa. M'mibadwo yambirimbiri, khungu la anthu a dera lililonse lidatsata dzuwa la kumeneko.

Khungu loyera la azungu ndi laposachedwa, ndipo lidafala ku Ulaya patapita zaka zikwi zambiri a Neanderthal atatha. Mafupa a mwamuna wotchedwa Cheddar Man, opezeka mu 1903 m'phanga la Gough ku England, ali ndi zaka pafupifupi 10,000. Kuyeza DNA yake mu 2018 kudasonyeza kuti adali wa khungu lakuda ndi maso obiriwira mofanana ndi mtambo.

Kuchuluka kwa DNA ya anthu amakedzana sikutsata khungu. Anthu a kuvuma kwa Asia ali ndi DNA ya Neanderthal yochulukirapo kuposa azungu. Anthu a ku Papua New Guinea, omwe khungu lawo ndi lakuda ngati la Aafrica, ndi ena mwa omwe ali ndi DNA yambiri ya magulu akalewa padziko lonse, ndipo chibale chawo chili pafupi ndi anthu a ku Asia kuposa ndi Aafrica.

Ntchito ya kachigawo ka Neanderthal

Tizidutswa ta Neanderthal tomwe tidatsala timakhudza makamaka chitetezo cham'thupi, khungu ndi tsitsi. Tina tidathandiza obwera kumene kulimbana ndi matenda a kumaiko achilendo. Tina n'tovulaza. Mu 2020 Hugo Zeberg ndi Pääbo adapeza kuti kachidutswa kena komwe kamawonjezera chiopsezo chodwala kwambiri Covid-19 kadachokera kwa a Neanderthal. Kali mwa pafupifupi theka la anthu a kummwera kwa Asia ndi 16 peresenti ya azungu, koma n'kosowa kwambiri mu Africa. Tizidutswa tambiri tidachotsedwa pang'onopang'ono m'mibadwo chifukwa sitinkagwirizana ndi thupi la Homo sapiens, ndipo pali zigawo zazikulu za DNA ya munthu zopanda chilichonse cha Neanderthal.

Palibe umboni wa sayansi wosonyeza kuti kachigawoka kamapatsa fuko lina nzeru kapena kulichepetsa umunthu. Mzungu, Mchina ndi Mmwenye ali ndi pafupifupi 98 peresenti ya chibadwa chochokera kwa Homo sapiens a mu Africa, makolo omwewo a Mchewa ndi Myoruba.

Choncho funso lakuti anthu a m'mapanga ndi makolo a yani lili ndi mayankho awiri. Ngati akunenedwa ndi a Neanderthal, iwo ndi makolo a kachigawo kochepa mwa anthu ambiri a padziko, kokulirapo kunja kwa Africa, kochepetsetsa mu Africa. Ngati akunenedwa ndi anthu onse amakedzana amene ankabisala mvula ndi kusonkha moto pakhomo pa phanga, ndiye kuti ndi makolo a munthu aliyense wamoyo lero, ndipo ambiri a mapanga awo adali mu Africa.